Liwu Limene Lidabwera ndi Mbalame

Nkhani yathu ya lero ndi ya liwu limodzi lokha la Chingerezi, liwu lakuti "inauguration". Ambiri a inu mudalimvapo pa wailesi pamene mtsogoleri wa dziko akulandira udindo, ndipo ena mudaliona pa kalata yokuitanirani ku mwambo wotsegulira mlatho, sukulu kapena chipatala. Aphunzitsi amene akutimvera akudziŵa kuti liwuli ndi dzina, mneni wake ndi "inaugurate", ndipo mfotokozi wake ndi "inaugural". Mukatsegula buku lotanthauzira mawu, mupeza kuti tanthauzo lake ndi kuyamba chinthu mwa mwambo anthu akuona: kuika munthu pa udindo, kutsegulira nyumba, kapena kuyamba nyengo yatsopano.

Ife amene ntchito yathu ndi yotembenuza nkhani kuchoka m'Chingerezi kunka m'Chicheŵa, liwuli limatidyera nthaŵi. Wina amalemba kuti "kulumbiritsa", wina "kukhazikitsa", wina "kutsegulira", ndipo achikulire amati palibe liwu loposa "kulonga". Aliyense wa iwo wagwirako mbali yake. Koma tikalilondola liwuli kumene lidachokera, tipeza kuti pachiyambi lidali dzina la funso, ndipo funsolo linkatheka kuyankhidwa kuti iyayi. Wofunsidwa adali mulungu wa Aroma, ndipo yankho lake linkabwera ndi mbalame.

Tiyeni tsono tibwerere ku Roma wakale, zaka mazana ambiri Ambuye Yesu asanabadwe. Mumzindamo mudali kagulu ka ansembe, ndipo wansembe wa m'kaguluko ankatchedwa "augur". M'Chilatini, chinenero cha Aroma, mneni wakuti "inaugurare" unkanena ntchito ya ansembe ameneŵa, ndiyo kuyang'ana kuthambo, kuona mmene mbalame zikuulukira ndi kumvetsera mmene zikulirira, pofuna kudziŵa ngati Jupiter, mulungu wawo wamkulu, akuloleza chimene anthu afuna kuchita. Mbalamezo adazigaŵa paŵiri. Zina, monga chiwombankhanga ndi muimba, zinkapereka uthenga ndi kaulukidwe kake; zina, monga khwangwala ndi kadzidzi, zinkaupereka ndi kulira. Mbali imene mbalame yatulukira idali ndi tanthauzo, ndipo mphezi nayonso inkaŵerengedwa. Munthu wokulira kumudzi kuno kwathu, amene adamvapo agogo akudandaula kuti kadzidzi walira pa denga, sangavutike kumvetsa zimenezi. Komatu pali kusiyana kofunika. Woombeza ula amafunsidwa kuti aulule zobisika: wadwalitsa mwana ndani, nanga kutsogolo kuli zotani. Wansembe wa mbalame ku Roma sankalosera zam'tsogolo. Iye adali munthu wa boma, ndipo funso lake lidali limodzi: kodi tichite, kapena tileke?

Aroma ankati mzinda wawo weniweniwo udayamba ndi funso limeneli, m'chaka chimene iwo ankachiŵerengera kuti ndi 753 Yesu asanabadwe. Abale aŵiri amapasa, Romulus ndi Remus, adalimbirana kuti mzinda watsopano ulamulidwe ndi yani. Pokhala amapasa, za ukulu sizikadathetsa mlandu, choncho adagwirizana zofunsa mbalame. Remus adakakhala pa phiri la Aventine, Romulus pa phiri la Palatine. Remus ndiye adayamba kuona miimba 6. Uthengawo utangofika, Romulus adaona miimba 12. Otsatira a Remus adati ufumu ndi wa amene wayamba kuona. Otsatira a Romulus adati ndi wa amene waona zambiri. Padabuka ndeu, ndipo Remus adaphedwa. Iyi ndi nthano, si mbiri yotsimikizika, koma ine ndimachita chidwi kuti Aroma sadafune kuikometsera. Adaisiya ikunena poyera kuti pa tsiku loyamba lenileni mbalame zidayankha, koma anthu adakangana pa kaŵerengedwe.

Mwambo weniweni wolonga mfumu tikuupeza pa mfumu yachiŵiri, Numa Pompilius. Wolemba mbiri wa Chiroma, Livy, amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 700 pambuyo pake, adaufotokoza mwatsatanetsatane, ndipo ndi bwino tiumve mofatsa pakuti ndiwo muzu wa liwu lathuli. Numa sadali mbadwa ya mumzindamo. Adali wa mtundu woyandikana nawo wa Asabini. Akuluakulu ndi anthu adamusankha, koma iye adafuna kuti milungu nayonso ifunsidwe. Wansembe adamutsogolera pamwamba pa phiri, namukhazika pa mwala atayang'ana kummwera. Wansembeyo adakhala kumanzere kwake atafunda kumutu, m'dzanja lamanja atagwira ndodo yokhota kunsonga, yopanda mfundo, imene ankaitcha "lituus". Ndi ndodoyo adagaŵa thambo m'zigawo kuchokera kuvuma kunka kuzambwe, nasankha chizindikiro chakutali kumene maso ake adalekezera. Kenaka adasinthira ndodo ku dzanja lamanzere, naika dzanja lamanja pamutu pa Numa, napempha Jupiter kuti ngati nkololedwa kuti munthu ameneyu akhale mfumu ya Roma, atumize zizindikiro zooneka bwino m'kati mwa malire amene iye walemba. Adatchula zizindikiro zimene ankafuna, ndipo adadikira. Zitaoneka, ndi pamene Numa adatsika pa phiripo ali mfumu.

Taonani, omvera, mmene zinthu zidayalidwira. Wosankhidwayo adakhala pansi, osalankhula kanthu. Sadalonjeze misewu, sadayalepo mfundo zake. Ntchito yake idali kudikira, dzanja la munthu wina lili pamutu pake, khamu la anthu lili chete kunsi kwa phiri, ndipo zikadatheka kuti thambo likhale lopanda mbalame.

Mwambowu sudali wa anthu okha. Malo nawonso ankachitiridwa chimodzimodzi. Chigawo chimene wansembe walemba ndi ndodo yake, kuthambo kapena pansi, chinkatchedwa "templum", ndipo kumeneku ndiko kudachokera liwu lakuti tempile limene timaŵerenga m'Baibulo. Bwalo la akuluakulu a Roma, lotchedwa Senate, silinkaloledwa kumanga mfundo pa malo wamba. Linkayenera kukumana pa malo amene wansembe wa mbalame adawapatula. Apa ndiye pali chifukwa chimene mpaka lero Mngerezi amagwiritsira ntchito liwu limodzi lomweli ponena za mtsogoleri ndi za nyumba. Aroma adalinso ndi mwambo wotsutsana nawo, wochotsa kupatulikako, wotchedwa "exauguratio". Amati pamene mfumu Tarquin inkafuna kumanga nyumba yaikulu ya Jupiter pa phiri la Capitol, milungu ing'onoing'ono imene idali ndi maguwa pamenepo idafunsidwa ngati ilola kusamuka, ndipo yonse idalola kupatula Terminus, mulungu wa malire, kotero kuti mwala wake adangousiya m'kati mwa nyumba yatsopanoyo. Liwu loloŵetsa Angerezi adalitenga nkumaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Lochotsali mudzangolipeza m'mabuku akuluakulu otanthauzira mawu.

Dzina lakuti "augur" anthu akale ankaliyanjanitsa ndi liwu la Chilatini lotanthauza mbalame, koma akatswiri ambiri a zinenero amati lidachokera ku mneni wakuti "augere", kutanthauza kukulitsa kapena kuonjezera. Ku muzu womwewo kudachokera dzina laulemu lakuti Augustus, limene Senate idapatsa Octavian m'chaka cha 27 Yesu asanabadwe. Ameneyu ndiye Kaisara Augusto wa m'Uthenga Wabwino wa Luka, ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu udatchedwa dzina lake. Tsono mlimi wa ku Ntchisi akamati adzagulitsa mtedza wake mu Ogasiti, akutchula mbale wa liwu lathuli osadziŵa.

Aroma atathamangitsa mafumu, cha m'ma 509 Yesu asanabadwe, ulamuliro adaupereka kwa akuluakulu aŵiri osankhidwa chaka ndi chaka, otchedwa akonsulo. Mwambo wonga wa Numa udatsalira ansembe akuluakulu, koma konsulo aliyense ankayenera kufunsa kumwamba m'bandakucha wa tsiku loyamba la udindo wake, ndiponso asanaitanitse msonkhano, asanachititse chisankho kapena asanayambe nkhondo. Kuyambira m'chaka cha 153 Yesu asanabadwe akonsulo ankaloŵa m'udindo pa 1 Januwale, ndipo ichi chidathandiza kuti tsiku limeneli likhazikike monga chiyambi cha chaka. Ku nkhondo, kumene sikudali mpata wodikira miimba, ankanyamula nkhuku m'chitatanga. Akazitsegulira nkuziwazira chakudya, zikadya mwaumbombo mpaka zina kumagwa m'milomo, ndiye kuti aloledwa. M'chaka cha 249 Yesu asanabadwe, pa nkhondo ya panyanja yolimbana ndi Carthage pafupi ndi Drepana ku Sicily, nkhuku zidakana kudya. Konsulo Publius Claudius Pulcher adalamula kuti aziponye m'nyanja, nati popeza zakana kudya, zikamwe. Adaloŵa m'nkhondomo nataya zombo 93, ndipo atabwerera kwawo adaimbidwa mlandu nalipitsidwa chindapusa chachikulu.

Nkhani ya nkhukuyi imaseketsa, ndipo ndi imene anthu amakonda kusimba. Koma imene ndifuna muisunge ndi ina, ya m'chaka cha 163 ndi 162 Yesu asanabadwe. Konsulo Tiberius Sempronius Gracchus, bambo wa anyamata aŵiri aja a Gracchus amene pambuyo pake adaphedwa pa nkhani zogaŵa minda, ndiye adatsogolera chisankho cha akonsulo a chaka chotsatira. Adasankhidwa Publius Scipio Nasica ndi Gaius Marcius Figulus. Pa tsiku la chisankho, mmodzi wa olengeza mavoti adagwa nafera pomwepo. Senate idaitana alauli a mtundu wa Etruria, ndipo iwo adati wotsogolera chisankho sadayende mwa lamulo. Gracchus, amene mwini wake adali wansembe wa mbalame, adakwiya nawanyoza kuti alendo sangaphunzitse Mroma mwambo wake, ndipo nkhani idazizira. Akonsulo atsopano adaloŵa m'udindo, nanyamuka kunka ku zigawo zawo, Nasica ku Corsica, Figulus ku Gaul.

Patapita nthaŵi, Gracchus ali ku Sardinia, adali kuŵerenga mabuku a ansembe a mbalame ndipo adakumbukira kanthu. Pa tsiku lija adali atamanga hema wake woonera zizindikiro kunja kwa malire opatulika a mzinda. Kenaka adaloŵa mumzinda kukachititsa msonkhano wa Senate, ndipo pobwerera adadutsa malirewo osafunsanso kumwamba monga lamulo linkanenera. Palibe wina amene adaona cholakwacho. Iye adalemba kalata kwa ansembe anzake, ansembewo adatengera nkhani ku Senate, ndipo Senate idalamula kuti akonsulo aŵiriwo atule pansi udindo popeza adasankhidwa ndi chilema. Anthu aŵiri okhala ndi asilikali m'manja, ali kutali ndi mzinda, adabwerera natula pansi udindo, ndipo kudachitika chisankho china. Onse aŵiri adadzasankhidwanso zaka zingapo pambuyo pake, Figulus wa chaka cha 156 ndipo Nasica wa chaka cha 155. Munthu atha kuseka za hema ndi malire, koma sangaseke za dziko limene lidaphunzitsa akuluakulu a nkhondo kuti udindo wolandiridwa mwa njira yopotoka umabwezedwa ngakhale utayamba kale.

Tisaganize kuti mwambowu udali woyera nthaŵi zonse. Chinthu chimene chingathe kuimitsa msonkhano wa dziko ndi chida, ndipo andale sachedwa kuchizindikira. Nchifukwa chake anthu wamba a ku Roma adalimbana kuti nawonso aloŵe m'kagulu ka ansembe aja, ndipo lamulo la m'chaka cha 300 Yesu asanabadwe lidakweza chiŵerengero chawo kufika pa 9, asanu mwa iwo ochokera kwa anthu wamba. M'chaka cha 59 Yesu asanabadwe, konsulo Marcus Bibulus atalephera kugonjetsa konsulo mnzake Julius Caesar pa bwalo, adadzitsekera m'nyumba miyezi isanu ndi itatu, namatumiza uthenga kuti akuyang'ana kuthambo, pofuna kuti malamulo onse a Caesar aoneke achilema. Caesar adangopitiriza, ndipo anthu ankaseka kuti akonsulo a chaka chimenecho ndi Julius ndi Caesar. Cicero, amene adali mmodzi wa ansembe a mbalame, adalemba buku m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe lokayikira zolosera zonse, nadandaula kuti nkhuku zija ankazisunga ndi njala dala kuti zidye mwaumbombo. Komabe iye ankati mwambowo usungidwe chifukwa cha ubwino wa dziko. Pofika nthaŵi imeneyo funso lidali likufunsidwabe, koma yankho linkakonzedweratu.

Chikhristu chitakula mu ufumu wa Roma, mfumu Theodosius idaletsa miyambo ya milungu yakale m'zaka za 391 ndi 392, ndipo ansembe a mbalame adatha. Mafumu a ku Ulaya adayamba kudzozedwa mafuta ndi mabishopu ndi kuvekedwa chisoti, ndipo mwambo umenewo uli ndi dzina lakelake m'Chingerezi, lakuti "coronation", lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chisoti. Liwu lathu lija lidagona m'mabuku. Lidaloŵa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, nthaŵi imene anthu ophunzira ankakonda kukumba mawu m'Chilatini, ndipo mneni wake udatsatira cha m'ma 1600. Pofika pamenepo mbalame zidali zitagweramo; chidatsala ndi tanthauzo la kuika munthu pa udindo mwa mwambo.

Olemba mbiri amagwiritsa ntchito liwuli ponena za mafumu a mafuko a ku Ireland, amene sankavala chisoti. Mfumu ya fuko la O'Neill inkalongedwa pa kaphiri ka Tullyhogue, itakhala pa mpando wa mwala, ndipo mwambowo unkayendetsedwa ndi mabanja ena a pansi pake, a O'Hagan ndi a O'Cahan. Popanda iwo munthu sakadatchedwa mfumu ngakhale akhale ndi mikondo yochuluka bwanji. Angerezi ankadziŵa mphamvu ya malowo, ndipo m'chaka cha 1602 mkulu wa nkhondo Lord Mountjoy adaphwanya mpando wa mwalawo.

Koma dziko limene lidalitchukitsa liwuli ndi America. Atadzichotsa mu ulamuliro wa Britain, anthu a kumeneko sadafune mfumu, chisoti kapena mafuta, ndipo atsogoleri awo adali anthu oŵerenga kwambiri mbiri ya Roma, mpaka nyumba ina ya malamulo adaitcha Senate. Pa 30 Epulo 1789 George Washington adaima pa khonde la Federal Hall mumzinda wa New York, naika dzanja pa Baibulo lobwereka, nalumbira pamaso pa Robert Livingston, mkulu wa zamalamulo wa m'chigawocho. Malamulo aakulu a dzikolo amafuna chinthu chimodzi chokha, ndicho lumbiro la mawu 35. Zina zonse, monga nkhani ya mtsogoleri, perete ndi madansi a usiku, ndi zoonjezera za chizoloŵezi. Apa tsono pali kusintha kwakukulu. Numa adakhala chete wina namufunsira. Pulezidenti wa ku America amaimirira nalankhula yekha, ndipo m'malo mwa chilolezo chochokera kuthambo pali chisankho chimene chachitika kale ndi lonjezo losunga malamulo.

Kulankhulako ena kudawapitirira. Washington pa ulendo wake wachiŵiri, m'chaka cha 1793, adalankhula mawu 135 okha. William Henry Harrison, pa 4 Malichi 1841, ali ndi zaka 68, adalankhula mawu opitirira 8,000 kwa maola pafupifupi aŵiri, kunja kukuzizira, iye wosavala chikhothi, ndipo nkhani yake idadzaza ndi zitsanzo za ku Roma. Adamwalira pa 4 Epulo, patangotha mwezi umodzi. Kwa zaka zambiri anthu ankati chidamupha ndi chisanu cha tsikulo, ngakhale madokotala ena a masiku ano amaganiza kuti adadwala chifukwa cha madzi oipa. Tsiku la mwambowu lidali 4 Malichi kufikira m'chaka cha 1933, pamene malamulo adasinthidwa, ndipo kuyambira 1937 umachitika pa 20 Januwale. Ife a wailesi timakumbukira chaka cha 1925, pamene mwambo wa Calvin Coolidge udakhala woyamba kuulutsidwa pa wailesi m'dziko lonselo.

Coolidge yemweyo ndiye chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa lumbiro ndi chikondwerero. Pulezidenti Warren Harding atamwalira mwadzidzidzi mu Ogasiti 1923, Coolidge, amene adali wachiŵiri wake, adali kumudzi kwawo ku Vermont, m'nyumba yopanda magetsi. Bambo ake omubala, amene adali ndi chilolezo cholumbiritsa anthu, adamulumbiritsa usiku, nthaŵi isanakwane 3 koloko, akuunikira ndi nyale ya palafini. Lyndon Johnson adalumbira m'ndege ku Dallas pa 22 Novembala 1963, John Kennedy atangophedwa. Ndipo mzimu wa Gracchus sudathe. Pa 20 Januwale 2009, polumbiritsa Barack Obama pamaso pa chinamtindi cha anthu, mkulu wa oweruza John Roberts adasokoneza ndondomeko ya mawu, naika liwu limodzi pa malo olakwika. Palibe amene adakayika kuti wasankhidwa ndani, komabe maŵa lake aŵiriwo adakumananso m'chipinda china cha White House nabwereza lumbiro lonse.

Ngakhale kumene kuli mafumu, liwuli limasankhidwa pamene afuna kunena kuti udindo ndi wochita kupatsidwa. Mfumu ya ku Netherlands siivekedwa chisoti. Pa 30 Epulo 2013 Willem-Alexander adalumbira m'tchalitchi cha Nieuwe Kerk ku Amsterdam pamaso pa aphungu, chisoti chili pa tebulo. Papa womaliza kuvekedwa chisoti adali Paulo VI m'chaka cha 1963. John Paul I m'chaka cha 1978 adachikana, nasankha Misa yoyambira utumiki wake, ndipo onse omutsatira achita chimodzimodzi. Pa zinthu zopanda moyo liwuli lidafalikira kwambiri, ndipo kumeneko ndiko lidapepuka. Ngalande ya Suez idatsegulidwa ndi mwambo waukulu pa 17 Novembala 1869, ndipo lero ulendo woyamba wa ndege, mpikisano woyamba wa chikho, ngakhale phunziro loyamba la pulofesa watsopano, zonse zimatchedwa "inaugural". Pamene mlendo wolemekezeka akudula kansalu pa khomo la nyumba yomangidwa kale, palibe chimene chikufunsidwa, ndipo "kutsegulira" nkokwanira.

Nanga pa munthu? Ine ndiima ndi achikulire aja. "Kulumbiritsa" kumanena gawo limodzi lokha, ndipo "kukhazikitsa" ndi liwu limene tingagwiritsenso ntchito pa mphika kapena pa komiti. "Kulonga" kuli ndi kulemera kofanana ndi kwa liwu la Aroma. Pakati pa Acheŵa munthu sadzilonga yekha ufumu. Akuluakulu a banja, makamaka amayi a m'mbumba, ndiwo amakhala pansi kusankha, ndipo atha kumulambalala amene aliyense ankamuyembekezera ngati aona kuti khalidwe lake silili bwino. Wosankhidwayo amamugwira, namubindikiritsa m'nyumba, namulanga, iye ali chete, ndipo amatuluka kukaonetsedwa kwa anthu pamaso pa mafumu ena. Zovina ndi zakudya zimadza pambuyo. Numa atakhala pa mwala paja akadauzindikira mwambo umenewu.

M'boma la masiku ano kuno ku Malaŵi, lumbiro ndi mwambo waukulu nthaŵi zambiri zachitika masiku osiyana, ndipo nchifukwa chake womasulira ayenera kusamala. Mphamvu zimayamba ndi lumbiro pamaso pa mkulu wa oweruza. Mai Joyce Banda adalumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe pa 7 Epulo 2012, dziko lili pa maliro a Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo adakhala mtsogoleri kuyambira nthaŵi yomweyo. M'chaka cha 2014 Pulofesa Peter Mutharika adalumbira ku bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre pa 31 Meyi, ndipo mwambo waukulu udachitika pa 2 Juni pa Kamuzu Stadium. Amene adalemba kuti "alumbiritsidwa" masiku onse aŵiri adasocheretsa omvera.

Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 ndicho chidatiyandikitsa ku nkhani ya Gracchus. Pulofesa Mutharika adalengezedwa kuti apambana, adalumbira pa 28 Meyi, ndipo mwambo waukulu udachitika pa 31 Meyi ku Blantyre. Zonse zimene buku lotanthauzira mawu limafuna zidachitika. Koma Dr. Lazarus Chakwera ndi Dr. Saulos Chilima adakadandaula ku khoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020, patapita miyezi isanu ndi itatu, oweruza asanu adagamula kuti chisankhocho chidali ndi zolakwika zochuluka, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi utoto woyera wa Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira. Ku Kenya m'chaka cha 2017 khoti lidathetsanso chisankho cha pulezidenti, koma kumeneko wopambana adali asanalumbire. Kuno lumbiro lidali litachitika, ng'oma zitalira, alendo atabwerera kwawo, ndipo khoti lidati zinthu zibwerere mmene zidalili chisankho chisanachitike. Bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chigamulocho pa 8 Meyi, ndipo anthu adavotanso pa 23 Juni.

Dr. Chakwera adalumbira ku Lilongwe pa 28 Juni 2020. Mwambo waukulu adaukonzera pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, ndipo udayenera kuchitikira pa bwalo la maseŵera la Bingu pamaso pa anthu zikwizikwi. Koma mliri wa Covid-19 udali ukukula, ndipo kutatsala maola ochepa dongosolo lidasinthidwa. Mwambowo udachitikira ku Kamuzu Barracks, alendo oitanidwa ali pafupifupi 100 okha, ndipo pamenepo mkulu wa asilikali adapereka kwa mtsogoleri watsopanoyo lupanga la ulamuliro, anthu a m'maboma akumvera pa wailesi.